NYANJA YA MEDITERRANEAN: ENA APITAKO KUKACEZA, ENA KUKAMIRA

Ndi Mtolankhani Wathu, Lusaka

Munthu woyenda m'makomboni a mu Lusaka masiku ano, kaya ndi ku Kanyama, ku Matero, ku Chawama, ku Kalingalinga, ku Mtendere kapena kwa George, sangalephere kuona cinthu cimodzi cimene sicinaliko pa masiku a makolo athu. Madzulo nchito zikatha, anyamata ndi atsikana amaunjikana pa khonde la sitolo kapena pa malo ometera tsitsi, mitu itawerama pa foni imodzi, akuonetsana zithunzi za maiko akutali. Mwa zithunzi zonsezo, zimene zimagwira mtima koposa ndi za nyanja ina ya madzi obiriwira ngati thambo la m'mwezi wa June, ya nyumba zoyera mbee zomangidwa pamwamba pa matanthwe, ndi timabwato toyandama pa doko. Nyanja imeneyo dzina lake ndi Mediterranean.

Sicodabwitsa kuti mwana wa m'komboni amakopeka ndi madzi otere, pakuti madzi amene iye awadziwa ndi a mtundu wina. Ku Kanyama, kumene malo ndi osatsetsereka ndipo madzi a pansi ali pafupi, dzinja liri lonse mvula imadzaza miseu, nilowa m'nyumba, nisakaniza zitsime ndi zimbudzi. Matenda a kolera anasautsa makomboni m'dzinja la 2017 kufikira 2018, ndipo m'mwezi wa January 2024 odwala anaculuka kotero kuti Boma linasandutsa bwalo la mpira la Heroes kukhala cipatala. Munthu amene wakula akudumpha zithaphwi, akaona madzi oyera oti miyala ya pansi ioneka, adzalekerenji kulota?

Koma nkhani ino tailembera makamaka inu awerengi athu a kumudzi, ku Nyimba, ku Petauke, ku Sinda, ku Katete, ku Chadiza, ku Chipata ndi ku Lundazi. Ana a m'makomboniwa ambiri ndi anu, ndipo ulendo ukalowa m'mtima mwa mwana wa m'tauni, foni imalira kumudzi. Ndinu amene mumapemphedwa kugulitsa ng'ombe ndi matumba a nshawa, kapena kupereka ndalama za thonje, kuti mwana apite. Motero nkoyenera kuti mudziwe kumene nyanjayi iri, zimene anthu amakaonako, njira yoyenera yopitira, ndiponso cifukwa cimene ena amene anauyamba ulendowu sanabwerenso.

KODI NYANJAYI IRI KUTI?

Nyanja ya Mediterranean iri kumpoto kweni-kweni kwa Africa, ndipo ndiyo imalekanitsa Africa ndi Ulaya. Kumwera kwake kuli Morocco, Algeria, Tunisia, Libya ndi Egypt. Kumpoto kuli Spain, France, Italy, Greece ndi maiko ena. Kum'mawa kuli Turkey, Syria, Lebanon ndi Israel. Dzina lake ndi la m'Cilatini, ndipo litanthauza nyanja ya pakati pa maiko. Ukulu wake ndi masikweya kilomita pafupi-fupi 2,500,000, ndiye kuti dziko lathu lonse la Zambia lingalowemo katatu, malo nkutsalako. Nyanja ya Malawi, imene ambiri a ife tiiyesa yaikulu, ingalowemo koposa ka 80.

Madzi ake ndi amcere. Mu lita imodzi muli mcere wokwana magalamu pafupi-fupi 38, kotero kuti munthu sangamwe, ng'ombe singamwe, ndipo wothirira nao dimba angaphe ndiwo zake. Mwa zipata za nyanjayi, tichulepo ziwiri. Kumadzulo kuli mpata wa Gibraltar, kumene Morocco ndi Spain atalikirana makilomita 14 cabe, ndipo tsiku lopanda nkhungu munthu ali pa gombe la Africa amaona mapiri a ku Ulaya. Kum'mawa kuli ngalande ya Suez, yokumbidwa ndi anthu, imene inatsegulidwa m'caka ca 1869 kuti zombo zizipita ku India popanda kuzungulira Africa yense. Mtsinje wa Nile, utayenda ulendo wake wautali kucokera ku maiko a kum'mawa kwa Africa, umathera m'nyanja yomweyi.

Alimi angakonde kudziwa kuti mvula ya kumeneko imagwa miyezi yofanana ndi yathu, makamaka kuyambira November kufikira March, koma kwa iwo imeneyo ndiyo nyengo yozizira. Miyezi ya June, July ndi August, pamene ife tiotha moto, kwao dzuwa limaswa mtengo, ndipo ndi pamene alendo amakhamukirako. Mbeu zao zodziwika ndi azitona, mphesa, nkhuyu, mandimu ndi tirigu.

DZINA LACILENDO, NYANJA YODZIWIKA

Ngakhale dzinali limveka lacilendo, palibe Mkristu amene sanamvepo za nyanjayi. Ndi pa doko la Yopa pamene mneneri Yona anakwera combo pothawa nchito imene Mulungu anamtuma; lero mudziwo uchedwa Jaffa, ndipo unalumikizana ndi mzinda wa Tel Aviv. Ndi pa nyanja yomweyi pamene combo cimene munali mtumwi Paulo, conyamula anthu 276, cinasweka ndi namondwe pa cisumbu ca Melita, onse napulumuka, nakhalako miyezi itatu. Melita ameneyo ndiye Malta wa lero, dziko laling'ono la masikweya kilomita 316, ndipo caka ciri conse pa 10 February anthu a kumeneko sapita ku nchito pokumbukira kusweka kwa comboco. Kupro, kwao kwa Barnaba, ndiye Cyprus. Patmo, kumene Yohane anaona masomphenya, ndi cisumbu ca dziko la Greece. Ndipo Kurene, kwao kwa Simoni amene anasenza mtanda, unali mzinda wa m'dziko limene lero lichedwa Libya.

Cikristu cinazika mizu pa gombe la Africa kale kwambiri. Augustine woyera, mmodzi wa aphunzitsi akulu a Mpingo, anali bishopu wa ku Hippo, kumene lero kuchedwa Annaba m'dziko la Algeria, ndipo anamwalira komweko m'caka ca 430. Ansembe a White Fathers, amene anatsegula mishoni ya Kachebere pa malire a Zambia ndi Malawi m'caka ca 1903, gulu lao analiyambitsa Kadinala Lavigerie ku Algiers m'caka ca 1868. Mkanjo woyera umene akulu-akulu aukumbukira unatengedwa ku kabvalidwe ka anthu a ku Algeria. Tingati mbali ina ya uthenga umene unafika m'midzi yathu ya kum'mawa inanyamukira pa gombe la nyanja imeneyi.

UBALE WA PA NCHITO ZA CITUKUKO

Pa nkhani za citukuko naponso anthu a m'mbali mwa nyanjayi si alendo kwa ife. Khoma la damu la Kariba, limene linatha m'caka ca 1959, linamangidwa ndi kampani ya ku Italy yochedwa Impresit, ndipo anchito 86, anthu akuda ndi Ataliyana omwe, anataya miyoyo pa nchitoyo. Ian Smith atalengeza ulamuliro wa Azungu ku Rhodesia m'caka ca 1965, njira ya mafuta ya kumwera inatsekeka, ndipo anali Ataliyana amene anayala mpope wa TAZAMA wa makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, umene unayamba nchito m'caka ca 1968. Anathandizanso kumanga fakitale yoyengera mafuta ya Indeni, ndipo ku Livingstone kunali fakitale yolumikiza motoka za Fiat. Kampani yakale ya ndeke ya Zambia Airways, imene pa zaka zake zoyamba inayendetsedwa mothandizidwa ndi Alitalia, inali kuuluka kucokera mu Lusaka kupita ku Rome. Kampaniyo inatsekedwa mu December 1994.

Bwenzi lina linali dziko la Yugoslavia. Mtsogoleri wake, Josip Broz Tito, anali ndi nyumba pa zisumbu za Brijuni, ndipo kumeneko m'caka ca 1956 anakumana ndi Nehru wa ku India ndi Nasser wa ku Egypt kukambirana za maiko osafuna kukhala kumbali ya America kapena ya Russia. Msonkhano wacitatu wa atsogoleri a maiko otere unacitikira muno mu Lusaka mu September 1970, Dr Kenneth Kaunda ali wapampando, ndipo nyumba ya misonkhano ya Mulungushi inamangidwa mwa cangu ndi kampani ya ku Yugoslavia cifukwa ca msonkhano umenewo. Dziko la Yugoslavia linagawika kuyambira m'caka ca 1991, ndipo mbali yaikulu ya gombe lake lokongola tsopano iri m'dziko la Croatia.

ZIMENE ALENDO AMAKAONA

Tiyeni tsopano tione malo amene ali pa zithunzi zija. Kumwera kwa mzinda wa Naples ku Italy kuli gombe la Amalfi, kumene mapiri amatsikira m'madzi mwacindunji, ndipo midzi monga Positano inamangidwa nyumba pamwamba pa inzake ngati zisa za njuci. Cimene mlimi angacite naco cidwi kumeneko si mahotela ai, koma minda ya mandimu. Popeza malo ndi otsetsereka, makolo ao anamanga makoma a miyala m'phiri lonse ngati makwerero kuti nthaka isakokoloke, ndipo kufikira lero mandimu ambiri amatsika pamsana pa anthu, cifukwa motoka singakwere. Kufupi ndi kumeneko kuli mabwinja a Pompeii, mzinda umene unakwiririka ndi phulusa la phiri la Vesuvius m'caka ca 79, ndipo alendo amayenda m'miseu yake, naona mauvuni ophikiramo buledi ndi mphero za miyala monga anazisiyira eni ake.

Nyumba zoyera ndi madenga ozungulira obiriwira ngati thambo, zimene zimaoneka kwambiri pa mafoni, ndi za pa cisumbu ca Santorini ku Greece, ndipo madenga ozungulirawo ambiri ndi a machalichi. Cisumbuco ndi cotsala ca phiri la moto limene linaphulika zaka zoposa 3,000 zapitazo, nyanja nilowa pakati pake. Kuyera kwa nyumbazo ndi laimu wopaka, amene amacepetsa kutentha. Cimene cingakudabwitseni ncakuti malo okongolawa ali pa bvuto la madzi akumwa: kulibe mitsinje, ndipo madzi ambiri amawapeza pocotsa mcere m'madzi a m'nyanja ndi makina. Alimi a mphesa amapinda mitengo yao pansi ngati nkhata, kuti mphepo isaononge zipatso ndi kuti cinyezi ca usiku cisungike.

Ku Croatia kuli Dubrovnik, mzinda wakale wozingidwa ndi linga la miyala la makilomita pafupi-fupi 2, limene alendo amayenda pamwamba pake akuyang'ana nyanja. Mzindawu unaombedwa ndi mizinga pa nkhondo ya 1991, koma unakonzedwanso. Ku Italy kulinso Venice, mzinda womangidwa pa mitengo yokhomedwa m'matope, pa tizisumbu toposa 100, kumene m'malo mwa miseu ya motoka muli ngalande, ndipo basi yao ndi bwato. Anthu a ku Kanyama angatonthozeke pang'ono pomva kuti naonso a ku Venice amalowedwa madzi m'nyumba: mu November 2019 madzi anakwera, nadzaza mbali yaikulu ya mzindawo.

Tisaiwale kuti gombe la kumwera ndi la Africa. Ku Egypt kuli Alexandria, mzinda umene anaukhazikitsa Alexander Wamkulu zaka 331 Yesu asanabadwe, kumene madzulo anthu amayenda pa mseu wautali wa m'mbali mwa nyanja akudya cimanga coocha monga ticitira ife. Ku Tunisia kuli mudzi wa Sidi Bou Said, wa makoma oyera ndi zitseko zobiriwira, pafupi ndi mabwinja a Carthage.

ENI MALO NAO ALI NDI MADANDAULO

Akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Cithunzi sicionetsa khamu la anthu oima kumbuyo kwa wojambula, sicionetsa mtengo wa mbale ya cakudya, ndiponso sicionetsa kutentha. Mu August 2021 pa cisumbu ca Sicily kunatentha kufika madigiri 48.8, ndipo mu July 2023 moto wolusa pa cisumbu ca Rhodes unathawitsa anthu pafupi-fupi 20,000, ambiri a iwo alendo ocoka m'mahotela.

Eni malo ena atopa ndi kuculuka kwa alendo. Eni nyumba aona kuti kugoneka mlendo masiku ocepa kupindulitsa koposa kubwereketsa nyumba kwa banja mwezi wonse, motero lendi yakwera, ndipo ana obadwira m'mizindayo akusamukira kutali. Ili ndi bvuto limene aliyense wokhala m'nyumba ya lendi ku Matero kapena ku Mtendere angalimvetse. Mu July 2024 anthu a ku Barcelona ku Spain anayenda m'miseu kudandaula, ena nathira alendo madzi ndi timfuti toseweretsa ana. Mu April caka comweco, mzinda wa Venice unayamba kulipiritsa ma euro 5 mlendo wobwera kudzaceza tsiku limodzi pa masiku ena a khamu.

NJIRA YOONGOKA

Kodi munthu wa ku Chawama angathe kupita kukaona malowa? Inde angathe, ndipo alipo amene amapita: a mipingo opita ku Rome ndi ku malo oyera, ophunzira opatsidwa thandizo la maphunziro, a malonda, ndi a masewera. Lameck Banda, mnyamata wa mpira wa dziko lino, analowa timu ya Lecce kumwera kwa Italy m'caka ca 2022. Koma onsewa amadzera pa khomo, ndipo khomolo liri ndi malamulo ake.

Coyamba ndi pasipoti, imene imatengedwa ku ofesi ya Boma ya mapasipoti. Caciwiri ndi ciphaso colowera, cochedwa viza. Maiko a Italy, France, Spain, Greece, Malta ndi Croatia ali m'gulu limodzi lochedwa Schengen, ndipo nzika ya Zambia ifunika viza kuti ilowemo. Mu June 2024 mtengo wopemphera vizayi unakwezedwa kufika ma euro 90 kwa munthu wamkulu, ndipo ndalamazo sizibwezedwa ngakhale pempho litakanidwa. Wopempha koyamba amaonekera yekha kukadinda zala, ndipo amaonetsa umboni wa tikiti yopita ndi kubwerera, malo okagona, mapepala a ku banki, kalata ya ku nchito kapena ya malonda ake, ndi inshuwalansi ya cipatala yosacepera ma euro 30,000. Cimene akazembe amafuna kutsimikiza ndi cakuti munthuyo ali ndi comubwezera kwao.

Apa mpofunika kumvetsetsa. Viza ya mlendo imalola munthu kukhala masiku osapitirira 90 m'kati mwa masiku 180, ndipo siimlola kugwira nchito. Amene apitirira masiku ake amasanduka wobisala: amaopa kupita kwa apolisi akaberedwa, sadandaula akamanidwa malipiro, ndipo akagwidwa angathe kubwezedwa ndi kuletsedwa kulowanso. Ulendo wa pa ndeke umayambira pa bwalo la Kenneth Kaunda, ndipo ambiri amasinthira ndeke ku Addis Ababa, ku Nairobi, ku Doha kapena ku Dubai. Tikiti, malo ogona ndi cakudya ca sabata imodzi kapena ziwiri zimadya mtengo wa ng'ombe zingapo. Amene ali ndi nchito kapena malonda, nasunga pang'ono-pang'ono m'cilimba kufikira zitakwana, palibe womnena. Ndalama ndi zake, ndipo kuyenda kumatsegula maso. Cosayenera ndi kugulitsa ng'ombe zolimira kuti munthu akajambulitse pa thanthwe.

NJIRA YA USIKU

Pali njira ina, ndipo ndiyo yatilembetsa nkhani ino. M'matauni ndi pa mafoni mumayenda anthu a pakamwa pozuna, olonjeza nchito ya m'hotela ya m'mbali mwa nyanja, ya m'combo ca alendo, kapena mwai wokayesedwa mpira ku Ulaya. Macenjera ao ndi amodzi-modzi. Amafuna ndalama za patsogolo zotumizidwa pa foni, alibe ofesi yodziwika, amati zonse zicitike msanga ndi mwa cinsinsi, ndipo ena amatenga pasipoti ya munthu nkuisunga. Wamwai amangotaya ndalama zake. Wopanda mwai amauyambadi ulendo.

Anthu zikwi-zikwi amene alephera kupeza viza amadutsa cipululu ca Sahara pa malole, nafika ku Libya kapena ku Tunisia, kumene amalongedwa usiku m'mabwato a mphira kapena m'ngalawa zakutha za asodzi. M'caka ca 2017 dziko lonse linaona pa wailesi ya kanema anthu akuda akugulitsidwa ku Libya ngati pa masiku a ukapolo. Pa 3 October 2013 bwato linamira pa cisumbu ca Lampedusa ku Italy, pafupi ndi gombe lomwe alendo amasambirapo, ndipo anthu oposa 360 anafa, ambiri a iwo a ku Eritrea. Mu June 2023 ngalawa yodzaza anthu mazana ambiri inamira kufupi ndi Pylos ku Greece, ndipo opulumuka anali 104 cabe. Bungwe la United Nations loona za anthu osamuka, la IOM, linawerenga kuti kuyambira 2014 kufikira 2024 anthu oposa 30,000 anafa kapena kusowa poyesa kuoloka nyanjayi. Ambiri a iwo mitembo yao siinapezeke, ndipo kumudzi kwao amai amakhala akudikira foni imene siidzalira.

Ndi zoona kuti ambiri a anthuwa acokera kumadzulo, kumpoto ndi kumpoto ca kum'mawa kwa Africa, ndiponso ku Asia, osati kuno. Koma tisati ndi za kutali, pakuti malonda ozembetsa anthu adutsa pakhomo pathu. Mu December 2022 mitembo 27 ya anthu amene apolisi anawaganizira kuti ndi a ku Ethiopia inapezeka itatayidwa m'mbali mwa mseu ku Ngwerere, kunja kwa Lusaka. Wozembetsa anthu safunsa mtundu wa munthu. Cimene aona ndi ndalama.

Nanga amene aoloka? Si onse amene amakafika ku mahotela a pa zithunzi. Ena amakathera m'minda ya matimati kufupi ndi Foggia ku Italy, akugona m'zisakasa za malata ndi mapulasitiki, akulipidwa pa bokosi ndi akapitao amene amadulako ya motoka ndi ya madzi. Mu August 2018 anchito 16 a m'mindayo, onse ocokera ku maiko ena, anafa pa ngozi ziwiri za motoka zimene zinali kuwanyamula kucokera ku nchito.

MUSANAGULITSE NG'OMBE

Safunsa anadya phula. Mwana wanu wa ku Lusaka akakuimbirani kuti wapeza mwai wopita ku Ulaya, musamkalipire, komanso musathamangire ku khola. Mufunseni mofatsa. Kodi apita kukaceza kapena kukagwira nchito? Ngati ndi nchito, kalata ya pangano iri kuti, ndipo viza yake ndi ya nchito kodi? Kodi womtumayo ali ndi ofesi, ndipo ali ndi cilolezo ca Unduna wa za Nchito? Kodi mwanayo wapita yekha ku ofesi ya kazembe wa dzikolo kukatsimikiza? Nanga pasipoti iri m'manja mwa yani? Tumani wacibale wina wamkulu wokhala m'tauni, amalume kapena atate ang'ono, kuti akaone ndi maso. Munthu woona mtima sakwiya ndi mafunso. Amene akwiya, kapena amene ati mukacedwa mwai upita, ameneyo mumdziwe.

Dziko lino liri ndi lamulo loletsa kuzembetsa ndi kugulitsa anthu, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 2008, ndipo cilango cake ndi zaka zambiri m'ndende. Amene akaika, akanene kwa apolisi, ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, kapena kwa amfumu. Kunena msanga kungapulumutse mwana wanu pamodzi ndi wa mnansi wanu.

NYANJA ZATHU

Potsiriza, tikumbutsane kuti ngakhale Zambia alibe gombe la nyanja ya mcere, Mulungu sanatimane madzi. Kucokera mu Lusaka kupita ku Siavonga ndi makilomita pafupi-fupi 200, ndipo mipingo, masukulu ndi magulu a amai a m'makomboni amabwereka basi m'mamawa, nakaona nyanja ya Kariba ndi khoma lija la Ataliyana, nabwerera madzulo. Ku Samfya, pa nyanja ya Bangweulu, kuli mcenga woyera ngati ufa. Ku Mpulungu kuli nyanja ya Tanganyika, yaciwiri pa kuya mwa nyanja zonse za m'kati mwa mtunda pa dziko lapansi. Inu a kum'mawa muli ndi mwai woposa: kudzera pa cipata ca Mwami, wocoka ku Chipata m'mawa amafika tsiku lomwelo ku Salima pa nyanja ya Malawi, popanda viza, pakati pa anthu olankhula cilankhulo cake. Madzi ake alibe mcere, ndipo cambo cake ncokoma. Cofunika ndi kufunsa eni dera malo oyenera kusambira, cifukwa ca ng'ona ndi likodzo, ndiponso kusakwera bwato lodzaza mopitirira.

Sitinena kuti mwana wa Zambia asalote za kutali. Nyanja ya Mediterranean njokongoladi, ndipo amene angathe kupitako podzera pa khomo, tikiti yobwerera iri m'thumba, apite, akaone, abwere kudzatisimbira. Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Nyanjayo yakhalapo ciyambire masiku a Yona ndi Paulo, ndipo idzakhalapobe caka ca mawa. Koma ng'ombe zolimira zikagulitsidwa munda umagona, ndipo mwana akamira sabweranso.